Zaka Zitatu pa Benchi ya Kumbuyo

1. Chitseko chopanda loko

Basi inafika mdima utagwa kale. Inachedwa ndi maola awiri. Tayala linaphulika panjira, kenako kondakitala anakangana ndi munthu wa matumba a simenti. Maulendo ndi choncho.

Kachikho anatsika womalizira. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu atapambana chikho pa mpikisano wowerenga mokweza. Apo n'kuti ali Fomu 1. Tsopano anali Fomu 3, koma dzina linakanirira.

Anayang'ana uku ndi uku. Madepoti a m'matauni ang'onoang'ono ndi amodzimodzi. Babu limodzi, galu mmodzi, kashopu kotseka ndi malata. Amalume ake analonjeza kudzamuchingamira, koma panalibe. Foni yawo inkangoitana.

Mvula inayamba, ya madontho akuluakulu.

Kutsidya kwa msewu kunali tchalitchi cha njerwa. Kachikho anathamangira pakhonde pake. Mphepo inamutsatira ndi mvula yomwe. Anatsamira chitseko kuti ateteze chikwama, chitseko n'kungotseguka chokha. Anatsala pang'ono kugwa chagada.

"Lowa, sitiluma," anatero mawu a munthu wamkulu.

Mkatimo munali mdala wamfupi, tochi ili m'manja. Ankasanja mabuku a nyimbo pashelefu. Ameneyu anali woimba belu wa patchalitchipo. Tauni yonse inkangoti a Belu.

"Pepani agogo. Mwaiwala kukhoma."

"Ndikhome ndi chiyani? Tagwira apo."

Kachikho anapapasa chitseko. Panali timabowo tinayi ta misomali ndi bowo limodzi lalikulu. Loko panalibe.

A Belu anamuunika kumaso. Anaunika kwa nthawi ndithu.

"Chipumi ichi ndachidziwa. Ndiwe mdzukulu wa malemu Atcheya. Mwana wa mtsikana wawo uja anathawira mumzinda."

"Amayi sanathawe. Anapita kukagwira ntchito."

"Eya. Kuthawa kwa masiku ano dzina lake ndi limenelo."

Kachikho anatula chikwama pansi. Miyendo inali itatopa. Anakhala pa benchi yomwe inali pafupi, yomalizira kumbuyo kwenikweni.

"Ha! Magazi sanama," anatero a Belu. "Wakhala pamalo pa agogo ako."

"Amalume amati agogo ankakhala kutsogolo, pamodzi ndi akulu a mpingo."

"Ankakhalako, zaka zambiri. Koma pamene wakhalapo anakhalaponso zaka zitatu. Amako sanakuuze?"

"Amayi sakamba za kuno."

A Belu anazimitsa tochi kuti asunge mabatire. Anakhala pa benchi ya kutsogolo kwake, n'kutembenuka.

2. Zomwe a Belu anaona

"Agogo ako anali telala," anayamba motero. "Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu. Munthu ankabwera ndi buluku long'ambika, n'kusiya ndi madandaulo omwe. Iwo madzulo ankalemba makalata opita ku boma. Ankalemba bwino, mwaulemu, koma osabwerera m'mbuyo.

"Khonsolo itakhazikitsidwa, anthu anati tcheya akhale telala. Mipopi ya madzi imene udzaione mawa, anailimbira ndi iwo. Kachipatala ka kuseri kwa positi ofesi, ndi iwo. Kuno ku mpingo anali mkulu, ndipo makiyi onse ankalira m'thumba mwawo. Kenako chipani cholamula chinawapatsanso mpando wake. Mipando itatu, munthu mmodzi. Ife tinkaombera m'manja. Sitinaganize kuti tsiku lina mipandoyo idzakokerana.

"Chaka china kunabwera lamulo. Msika usamuke, upite kuseri kwa dzala, pamalo pake pamangidwe ofesi ya chipani. Amayi a pamsika anakana. Anakhala pansi pambali pa malonda awo masiku anayi. Tsiku lachisanu madzulo kunabwera lole ya anyamata a zibonga.

"Amayi aja anathawira kuno. Analipo khumi ndi asanu ndi awiri. Anapeza chitseko chokhoma. Anagogoda, anagogoda. Ine ndinali mnyamata nthawi imeneyo, miyendo ilipo. Ndinathamangira kwa Atcheya kukapempha makiyi. Ndinawapeza ataima pazenera, nyali atazimitsa. Kugogoda kunkamveka mpaka kumeneko. Anandiuza kuti, 'Bwerera. Sindinakuone.'"

Mvula inkamenya malata.

"Anyamata aja anawamenyera amayiwo pakhonde pomwe unaima paja. Mtsogoleri wawo, amene timati Amayi a Singano, anamuthyola dzanja lamanja. Diso limodzi linathera pomwepo. Linalo latha ndi ukalamba.

"Lamlungu lotsatira, pakati pa mapemphero, Atcheya anaimirira. Palibe anawaitana. Palibe akanalimba mtima kuwafunsa. Anapita kutsogolo, n'kuika makiyi patebulo. Anati, 'Ndinamva kugogoda.' Basi. Anatembenuka, n'kuyenda mpaka pamene wakhalapo. Imeneyo ndi benchi ya anthu oimitsidwa mu mpingo.

"Lolemba anatula pansi udindo ku khonsolo ndi ku chipani. Lachiwiri anabwera ndi sikuludiraiva, n'kuchotsa loko. Kuyambira pamenepo anakhala kumbuyo kuno, pakati pa zidakwa ndi akuba nkhuku. Mlungu ndi mlungu, suti atavala, osajomba. Anzawo akale ankawadutsa ngati mtengo.

"Zitakwana zaka zitatu, anali amayi a pamsika omwewo amene ananyamuka. Anawagwira mkono uku ndi uku, n'kuwabwezera kutsogolo. Chipani chija chinali chitagwa, ofesi yake osaumba ndi njerwa imodzi yomwe. Pa chisankho chotsatira tinawavoteranso. Anakhala tcheya mpaka imfa."

Panja panamveka hutala ya galimoto. Kawiri, mopupuluma.

"Amalume ako amenewo," anatero a Belu. "Koma tamvera, mwana wa mwana wa Atcheya. M'tauni muno uli ndi agogo awiri. Pali a pazithunzi, pali a pabenchi. Kumene ukupitako akakuonetsa a pazithunzi. Ndi abwino, sindikukana. Akakuuzanso kuti kukonda munthu ndi kumubisira. Ine ndaika maliro ambiri m'tauni muno, ndamva mbiri zambiri zikuwerengedwa pamanda. Onse anali oyera mtima, onse anali owolowa manja. Pakatha mwezi sitikumbuka kuti uyu anali ndani, uyo anali ndani. Usafulumire kuvomera chinthu chifukwa wapatsidwa tiyi."

Hutala inaliranso.

3. Chipinda cha zenera lalikulu

Galimoto ya amalume inali itamatidwa zithunzi za nkhope yawo, mpaka pagalasi la kumbuyo. Anali khansala, ndipo ankapikisananso pa chisankho cha mwezi wotsatira.

"Mphwanga! Wakula bwanji iwe! Pepa, msonkhano unatalika. Mdala uja sanakudyetse nthano zake?"

"Amangosanja mabuku."

"Azisanja. Ntchito yake ndi imeneyo."

Nyumba inali yaikulu, ya mpanda. Pabalaza panali zithunzi khoma lonse. Atcheya akutsegula mpopi. Atcheya akudula riboni. Atcheya ali pakati pa kwaya. Atcheya akugwirana chanza ndi munthu wa chipewa. Kachikho anali asanawaonepo agogo akewo ndi maso. Anamwalira iye asanabadwe. Chipumi chinalidi chake.

Akazi a amalume anamulandira ndi thaulo ndi tiyi wotentha. Kenako anamugwira dzanja.

"Bwera uone kwanu."

Chinali chipinda chakechake. Bedi, tebulo lowerengera, shelefu, zenera lalikulu. Makatani anali atsopano, mapindo ake asanathe. Mumzinda, Kachikho ndi amayi ake ankagona chipinda chimodzi, chotchinga ndi nsalu pakati.

Chipindachi ndicho chinali nkhani yaikulu. Amayi ake, omwe anali namwino, anali atapeza ntchito kunja kwa dziko, ya zaka ziwiri. Ankayenera kunyamuka pakutha pa mwezi. Bambo a Kachikho anamwalira kale. Wachibale wina womusunga kunalibe. Amayi analimba mtima, n'kuimbira foni mchimwene wawo amene anali asanalankhulane naye zaka zisanu ndi chimodzi. Iye anavomera. Anangoti, "Abwere kaye Lachisanu adzaone malo. Ndili ndi kantchito kakang'ono koti andithandize."

Atatha kudya, kantchito kaja kanatuluka mu envulopu.

"Khala apa, mphwanga. Ukudziwa kuti tikuika mwala wokumbukira agogo ako pakhoma la tchalitchi. Mwalawo anagula ndi amayi a pamsika. Wozokota miyala ali mumzinda, kufupi ndi kwanu. Munthu wovuta. Akuti sakhudza mwala popanda pepala losainidwa mbali ziwiri, a banja ndi eni mwala. Akuti chozokota sichifufutika, ndipo anatopa ndi milandu."

"Ndiye ndikamupatsire pepalalo?"

"Eya, mawa pobwerera. Koma pali kaye gogo uja, Amayi a Singano. Saona. Amadinda ndi chala. Wakana kuti ndimuwerengere ine, wakana kalaliki wanga, wakana ndi abusa omwe. Akuti akufuna mwana wasukulu, wamagazi a Atcheya, amene sakupempha voti kwa munthu. Ndiye ndinati, tili naye katswiri wa chikho."

Anaika mapepala awiri patebulo. Onse otayipa, ofanana kukula.

"Ili ndi lomwe akufuna iwo. Ukawerenge limeneli, mokweza, bwinobwino. Ukamaliza, ine ndikaika ili pansi pa chala chawo. Iwe ntchito yako ikhala itatha."

Kachikho anawerenga onse awiri chamumtima. Loyamba linali ndi mipopi, khonsolo, mpingo, ndi benchi. Lachiwiri linali ndi mipopi, khonsolo ndi mpingo. Pamalo pa benchi panalembedwa kuti, "Anatumikira zaka makumi atatu, osapumira, opanda banga."

"Amalume, koma akadzamva?"

"Adzamva mwala uli kale pakhoma. Adzakalipa sabata imodzi. Gogo uja amakalipa tsiku lililonse, sichachilendo."

Kachikho anayang'ana pansi. Amalume anavula magalasi, n'kutikita maso. Mawu awo anatsika.

"Ndikuuze, mphwanga. Mdala wa belu uja wakuuza, ndikuona pankhope pako. Iye amaikamba ngati nkhani yokoma. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kusukulu ankanditcha mwana wa pabenchi. Lamlungu lililonse ndinkalowa m'tchalitchi, kudutsa bambo anga atakhala ndi zidakwa. Amayi ankalira m'bafa kuti tisamve. Makasitomala anathawa. Tinkadya kamodzi. Zaka zitatu zimenezo sanazisenze okha, tinazisenza tonse, ndipo ife palibe anatifunsa.

"Lero ndizilembe pamwala? Kuti mwana aliyense wodutsa aziwerenga kuti agogo ako anamva amayi akukuwa n'kuzimitsa nyali? Kuti opikisana nane akaujambule mwalawo n'kuumwaza m'mafoni? Bambo anga analipira kale. Asiyeni agone. Iwe ndiwe mwana. Sudziwa kuti dzina la banja limatenga zaka kulimanga, ndipo amene amaligwetsa nthawi zambiri ndi wa m'nyumba momwemo."

Anabweza mapepala mu envulopu.

"Chipinda wachikonda?"

"Ndachikonda."

"Chabwino. Nyumba ino ndi ya anthu omvana. Kagone, tidzuka m'mamawa. Basi yako ndi ya seveni."

4. Chala chili m'mwamba

Anafika kwa Amayi a Singano kukungoyera kumene. Nyumba yawo inali kuseri kwa msika, ya zipinda ziwiri. Mwana wawo anali atapita kale kukayala malonda. Pabalaza panali mabotolo a mabatani, osanjidwa mitundumitundu, ndi ulusi wopachika pamisomali. Singano, ulusi ndi mabatani ndiwo anali malonda awo moyo wawo wonse.

Gogoyo anakhala pa mpando wa ndalema, wailesi ili pamiyendo. Dzanja lamanja linali lopindikira mkati.

"Odi, amayi!" anatero amalume.

"Lowa, Khansala. Wanenepa iwe."

"Mwaona bwanji, amayi?"

"Ndamva chitseko chikudandaula. Khala pa mpando wachitsulo, wathabwawo ndimaufunabe."

Amalume anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inalili.

"Mwana uja ali kuti? Yandikira kuno. Osati uko, khutu ilo ndi la wailesi. La anthu ndi ili. Amako ali bwanji?"

"Ali bwino, agogo. Akupereka moni."

"Bodza loyamba limenelo. Amako sapereka moni kuno. Koma ndi laulemu, ndalikhululukira. Akuti unawina chikho?"

"Eya, agogo."

"Mumamweramo?"

"Ayi, chimangokhala pakabati."

"Zopanda ntchito. Werenga timve."

Anazimitsa wailesi. Amalume anapereka pepala loyamba. Kachikho anaimirira monga ankachitira pa mpikisano, mapazi pamodzi.

"Pano tikukumbukira telala wa tauni ino, tcheya woyamba wa khonsolo, mkulu wa mpingo uno. Anatibweretsera madzi ndi chipatala. Tsiku lina tinagogoda pachitseko ichi, iye anamva, osatsegula. Anavomera yekha pamaso pa anthu, nakhala kumbuyo zaka zitatu. Tinamubwezera kutsogolo ndi manja athu. Ife, amayi a pamsika."

Milomo ya gogoyo inkayenda limodzi ndi mawuwo. Ankawadziwa pamtima.

"Ndi amenewo," anatero. "Tatsala anayi mwa khumi ndi asanu ndi awiri aja. Tinawakonza tonse mawuwa, masiku atatu tikukangana. Uli ndi mawu abwino, mwana iwe. Bweretsa inki, Khansala."

Amalume anatsegula kabokosi ka inki. Anakokera katebulo pafupi. Anatenga pepala m'manja mwa Kachikho, n'kuliika pampando. Linalo analitulutsa pansi pa envulopu mwakachetechete. Anali atasaina kale. Anagwira chala chachikulu cha kumanzere cha gogoyo, n'kuchinyika mu inki.

"Pati?" anafunsa gogoyo. Chala chinali m'mwamba, chikudikira kuti wina achitsogolere.

Kachikho anayang'ana chalacho. Anayang'ana amalume. Iwo anamutsinzinira diso limodzi.

"Agogo, dikirani."

"Mphwanga," anatero amalume.

"Pepala lili patebulolo si limene ndawerenga."

Kunja munthu ankakankha wilibala ya tayala lolira.

Gogoyo sanatsitse chala.

"Ndi angati mapepalawa?"

"Awiri."

"Werenga linalo."

"Amayi, mwanayu wasokoneza chabe, ndi kope la ku ofesi..."

"Khansala, ndinakusambitsapo iwe amako atadwala. Khala chete. Werenga, mwana."

Kachikho anawerenga. Mawu sanatuluke ngati a pa mpikisano. Pa "opanda banga" anachita kubwereza, chifukwa poyamba sizinamveke.

Gogoyo anapumira m'mwamba. Kwa kanthawi nkhope yawo inaoneka yaing'ono, yotopa. Kenako anatembenukira kumene kunali amalume.

"Ndimayesa wabwera ndi mwanayu chifukwa wamva. Ndinauza anzanga dzulo kuti mwana wa telala wafewa mtima. Ndiye ndikawauza chiyani?

"Ukuganiza kuti tinagula mwala chifukwa cha mipopi? Mipopi anakumba ndi akaidi. Matcheya ena anamanga milatho, ena anaika magetsi pamsika. Tchula dzina la mmodzi. Ine ndakalamba, mano anatha. Ndaona akuluakulu akulakwa, a chipani ichi ndi a chipani icho, a kolala ndi a tayi. Onse amati sindinadziwe, sindinalipo, anandinamiza anyamata. Amene anaimirira yekha, popanda womukakamiza, n'kunena kuti ndinamva, ndi mmodzi. Bambo ako.

"Dzanja ili limandipweteka kukazizira. Chaka choyamba ndinkati ndikawaona pabenchi paja, ndinkalavula. Chaka chachiwiri ndinkangodutsa. Chachitatu ndinayamba kuchita manyazi ine. Ukachotsa benchi pamwalapo, watichotsa ifenso. Watsala ndi munthu wa suti wodula riboni. Oterowo ali mbwee, safunika mwala.

"Unavutika uli mwana, ndikudziwa. Ndinkakuona ukudutsa pamsika mutu uli pansi. Koma bambo ako anatikhomera kunja kamodzi, n'kulira zaka zitatu. Iwe wafuna kundikhomera kunja lero, m'nyumba mwanga, ndi chala changa chomwe."

Amalume anaimirira. Mpando wachitsulo unalira pasimenti.

"Dindani limene mukufuna, amayi. Ine limenelo sindisaina. Popanda dzanja la banja, mwala suzokotedwa. Iwe, ndikudikira m'galimoto."

Anatuluka. Chitseko anachisiya chotsegula.

"Inki yauma," anatero gogoyo. "Ndinyikenso. Undipatse loyamba lija. Uliwerengenso mzere woyamba ndi womaliza, ndimve."

Kachikho anawerenga. Anagwira chalacho, n'kuchitsogolera pansi pa mawu akuti amayi a pamsika. Chinadinda bwino, mizere yonse kuoneka.

"Tsopano iwe," anatero gogoyo, akupukuta chala pansalu. "Usatuluke muno ukudzimva. Unalowa ukudziwa kuti mapepala ndi awiri. Unandipatsa moni ukudziwa. Unawerenga mokoma ukudziwa. Unadikira mpaka chala chili m'mwamba. Ndikanakhala wopupuluma, bwenzi pano ukundithokoza n'kumapita. Tsiku lina sudzapeza nthawi yoti dikirani. Chinthu chokhota uzichikana chikadali patebulo la kwanu, usanavale nsapato. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Amalume ako anakulonjeza chiyani?"

"Malo okhala. Amayi akupita kunja."

Gogoyo anaika wailesi pansi.

"Ndiye zakudula. Pepa. Ine ndilibe chipinda, ukuona wekha." Anapapasa pepala lija, n'kulipinda ndi dzanja limodzi. "Tenga. Telala sanabereke mwana mmodzi. Amako ali ndi dzanja, amadziwa kusaina. Koma usakawaumirize. Madzulo aja, pamene bambo awo anaima pazenera, makiyi sanali m'thumba mwawo. Anali atapatsa munthu kuti awabise. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi."

5. Basi ya seveni

Amalume ankayendetsa maso ali kutsogolo. Anadutsa pamsika. Amayi ankayala tomato, ena ankamasula mabelo a zovala. Mnyamata wina anakuwa, "Khansala wathu!" Amalume anakweza dzanja, kumwetulira kunabwera n'kuchoka.

Anaima padepoti. Injini sanazimitse. Chikwama cha Kachikho chinali kale pampando wa kumbuyo.

"Amalume, pepani. Sindikanatha."

"Ukanandiuza dzulo."

"Ndinaopa."

"Dzulo unaopa ine. Lero sunaope kundivula pamaso pa gogo uja." Anagwira chiwongolero ndi manja awiri. "Pofika masana msika wonse ukhala utamva. Ukawauze amako kuti chipinda chija tikuikamo katundu wa kampeni. Apeze kwina."

Kachikho anatsika. Anati zikomo chifukwa cha malo ogona. Galimoto inatembenuka, nkhope za pagalasi zikumwetulirabe.

Basi inali itadzaza theka. Anapeza mpando wa pazenera, pamwamba pa tayala. Pepala analiika pakati pa buku la masamu kuti lisakwinyike. Chala chake chinali ndi inki pang'ono. Anachipaka malovu, inki osachoka.

Foni inanjenjemera. Unali uthenga wa amayi.

"Wadzuka bwanji mwanawe? Chipinda wachiona? Tikiti yanga yatuluka, ndinyamuka pa 28. Mulungu ndi wabwino."

Anauwerenga kawiri. Pa 28 panatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Kondakitala anamenya mbali ya basi. Dalaivala analiza injini. Depoti inayamba kubwerera m'mbuyo, kenako positi ofesi, kenako nyumba zomalizira za tauni. Ulendo unali wa maola anayi, tayala likapanda kuphulika.

Foni inayamba kuitana. Amayi. Anaisiya mpaka inaduka. Inaitananso. Mayi wa mpando woyandikana naye anamugunda ndi chigongono.

"Yankha, mwana iwe. Kapena ndi chibwenzi?"

Kachikho anadina, n'kuika foni kukhutu.

"Halo, mwanawe? Bwanji osayankha? Zayenda bwanji?"

"Amayi, chipinda chija palibe. Ndikufotokozerani ndikafika." Anatsegula buku la masamu lija. "Koma ndili ndi pepala lofuna dzanja lanu. Amayi, makiyi a tchalitchi aja munawabisa pati?"

Foni sinaduke. Kachikho ankamva amayi ake akupuma.